Linki Imene Anastazia Anakhotetsa

Pakhomo pa achimwene anga a Kaliati, kuseri kwa Chiringa, panalibe chuma, koma panalibenso phokoso. Munda wa chinangwa, nandolo m'mizere ya chimanga, mbuzi zinayi ndi njinga imodzi, basi. A Kaliatiwo anali mkulu wa mpingo, ndipo iwo ndi alamu anga a Eveles analera ana aakazi awiri, Anastazia wamkulu ndi Rozaria wamng'ono. Banja lonse likapita kumunda, kiyi wa nyumba ankamusiya pansi pa mwala, kumanzere kwa chitseko. Chizolowezi chimenechi tinachitengera kwa malemu amayi athu. Muchisunge, chifukwa chibweranso m'nkhani muno.

Ine ndine Gertrude, azakhali awo a anawo. Nkhaniyi ndaifotokozera achinyamata a mpingo mpaka kukhosi kuuma, ndipo kunena zoona ndatopa nayo. Koma ndikaona ana a masiku ano ali weramu pa mafoni, ndimadziwa kuti sindinamalize.

Chaka cha 2008 bungwe lina la akhristu a kunja linapatsa mpingo wathu makompyuta atatu. Anaikidwa m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, padenga masola, pakona mabatire. Imodzi yokha ndiyo inali ndi intaneti, yolowera pa kachipangizo kotalika ngati chala, kobaya pambali pa kompyuta, kogwira netiweki ya foni. Panafunika munthu woyang'anira. Ndinanyamuka ndekha, ndi miyendo yangayi, kukamulankhulira Anastazia kwa abusa. Anali atamaliza sekondale, wochangamuka, waulemu. Abusa anavomera.

Tsiku lolandira kiyi, bambo ake anamukhazika pakhonde.

"Mwanawe, kiyi uyu si wako. Mpingo wakupatsa kuti uzitsegulira ana a eni. Tsiku limene udzatope, udzabwere unene kuti watopa. Usadzaname."

"Ndamva, bambo."

Wokonza makompyutawo anali Fraser, mnyamata wa ku Limbe, wobwera pa njinga yamoto kamodzi pamwezi, pafyumu wake kumveka asanazimitse injini. Abusa ankaopa kuti ana asukulu azitsegula zolaula, ndiye Fraser anamata kapulogalamu kakang'ono pa pulogalamu yotsegulira intaneti. Ntchito yake inali kukhotetsa njira. Umangolemba mizere iwiri. Wapamwamba, kumene munthu akufuna kupita. Wapansi, kumene iwe ukufuna kuti akafike. Munthu akadina linki, timawu tabuluu totengera ku tsamba lina tija, kompyuta inkakamutula kumene walemba iwe, mwini wake osadziwa kanthu. Wofuna zolaula ankangoona tsamba loyera lolembedwa kuti, "Kuno si kwako, bwerera." Tinaseka, tinaomba m'manja. Kanthuko kanali kabwino, ndipo mpaka lero sindikanenera choipa.

Mwezi wa Meyi chaka chotsatira, bungwe lija linalengeza kuti litenga achinyamata angapo kukawaphunzitsa unamwino. Linanenanso kuti aka nkomaliza, chifukwa ntchito yawo kuno inali kutha. Fomu yofunsira malo inayenera kulembedwa pa intaneti pokha, ndipo tsiku lomaliza linali Lachiwiri, pa 30 Juni. Ana anabwera pa njinga kuchokera ku Nkhulambe, ena ku Mkhumba, nkumakhala pamzere padzuwa ndi maenvulopu awo.

Pano ndimuchitire chilungamo Anastazia, ntchitoyo inali yotopetsadi. Fomu imodzi inkadya ola lathunthu. Ukafika podina kuti ipite, netiweki thi, kuyambiranso, moti panalibe fomu ngakhale imodzi imene inapita. Madzulo ankafika pakhomo maso ali psuu, msana ukuwawa, osafuna ndi kulankhula komwe.

Nthawi imeneyo Fraser anali atayamba kubwera kawiri pamlungu. Tsiku lina anamupeza Anastazia atagwira mutu.

"Iwe Ana, ufa nayo ntchito ya eni. Tabwera ndikuonetse nzeru."

Anamuonetsa tsamba lofanana ndendende ndi la bungwe lija.

"Ili ndalikopera, lili momwemu mu kompyuta, silifuna netiweki. Tikakhotetsa linki, munthu azilemba pa lathuli. Akadina potumizira, pompo mawu akutuluka oti talandira fomu yanu. Mphindi khumi, wapita."

"Nanga fomuyo ikupita kuti?"

"Ikupita kuti! Siikupita. Iwe uzilemba mayina ndi manambala awo mu kope. Tsiku limene netiweki idzadzuke bwino, udzatumiza zonse. Wanamiza ndani pamenepa? Wangochedwetsa pang'ono."

"Bambo anga atamva zimenezi..."

"Bambo ako amadziwa chinangwa. Izi ndi zathu."

Anastazia anaseka. Anayenera kukwiya, koma anaseka. Ndipo mizere iwiri ija anailemba yekha ndi zala zake, Fraser atangoima kumbuyo.

Mlungu woyamba analembadi mayina onse mu kope. Mlungu wachiwiri analemba ena, ena nkuiwala. Wachitatu, kope lija Fraser anali kung'ambamo mapepala okulungira mtedza. Pofika masana mzere unkakhala utatha, ana a eni akupalasa njinga kubwerera kwawo akuimba. Kenaka nsalu ya pazenera inkatsekedwa, awiriwo nkumaonera mafilimu mpaka mabatire kulira. Masiku ena ankatseka chitseko nkukwezana kupita ku boma kukadya chipisi.

Musaganize kuti tinali chete. Ine ndinamufunsa panjira ya kumsika.

"Kodi netiweki yanu yachira liti, poti masiku ano mzere sukuchedwa?"

"Fraser waikonza, azakhali."

"Nanga nsalu ya pazenera ikumatsekedweranji dzuwa lili pamutu?"

"Kuwala kumasokoneza pa galasi."

Yankho lililonse linali lokonzeka kale. Amayi akenso anayesa.

"Njinga yamoto ija ikumadzakonza chiyani Lachiwiri ndi Lachisanu lomwe? Makompyutawo ndi odwaladwala ngati ine?"

"Amayi, inu simungazimve."

"Za makinazo sindingazimvedi. Koma mwamuna woima pakhomo limodzi kawiri pamlungu ndimamumva bwinobwino."

Anastazia anangotola chidebe nkupita kumjigo.

Tsono Rozaria. Mwana ameneyu chiyambire ankafuna unamwino, china ayi. Ali wamng'ono ankamanga miyendo ya nkhuku ndi tizisanza. Atakula, tsiku la sikelo lililonse ankapita kukathandiza kuyeza makanda, popanda womutuma. Mayeso anakhoza bwino kuposa mkulu wake. Chimene chinamuchedwetsa kulemba fomu chinali kalata yomuchitira umboni, imene ahedi a kusukulu kwake anachedwa kusaina. Anastazia anamuuza kangapo konse kuti, "Yako usadzakhudze wekha, ndidzakulembera ine." M'mutu mwake ankati tsikulo likadzafika adzachotsa mizere ija, ya mng'ono wake idzapite kwenikweni.

Kalatayo inatuluka Lachisanu, atatsala masiku anayi. Rozaria anathamanga kuchokera kusukulu mpaka kutchalitchi, nkupeza chitseko chokhoma. Anastazia anali ku boma ndi Fraser. Mwana wina akanabwerera. Koma Rozaria ndi wa pakhomo pa a Kaliati. Anayang'ana kumanzere kwa chitseko, anaona mwala, anautembenuza. Kiyi anali pomwepo.

Kompyuta ankaidziwa, anamuphunzitsa ndi mkulu wake yemweyo. Anadina linki, analemba zonse mosamala, anadina potumizira. Mawu anatuluka. Anakhoma, anabweza kiyi pansi pa mwala.

Madzulo a tsikulo ndinali pakhomopo, tikutong'ola chimanga pamphasa. Anastazia anafika fumbi lili m'tsitsi. Rozaria anadzuka nkumukumbatira.

"Achemwali, ndakupeputsirani ntchito! Ndalemba ndekha. Mphindi khumi zokha, ndipo ayankha kuti alandira!"

Chimanga chimene Anastazia anatola chinamugwa m'manja.

"Walowa bwanji?"

"Aa, inunso! Mwala wa kumanzere."

Tonse tinaseka. A Kaliati anavula chipewa nkunena kuti tipemphere. Anathokoza Mulungu chifukwa cha Rozaria, anathokozanso chifukwa cha Anastazia, amene ankatsegulira ana a eni njira. Tonse tinati ameni. Anastazia nayenso anati ameni.

Zimene zinali mumtima mwake anadzandiuza yekha pambuyo pake. Ankati, mawa ndilawirira, ndichotsa mizere ija, nditumiza fomu yeniyeni, palibe adziwe. Rozaria atapita kukasamba, anatsegula envulopu yake nkukopera manambala onse pa kapepala.

Loweruka kunacha ndi chiperoni. Amene munakhalako kuno mukuchidziwa. Nkhungu imatsika m'phiri, kamvula kowaza kosaleka, kuzizira kolowa m'mafupa, phiri la Michesi osaoneka ngakhale pang'ono. Masola popanda dzuwa ndi malata chabe. Mabatire akanakhala odzaza akanapirira masiku awiri, koma anali atatheratu ndi mafilimu a mlungu wonse. Anastazia anayatsa kompyuta. Inawala kamphindi, nkuthima. Lamulungu chimodzimodzi. Lolemba kunacha nkhungu ili pakhomo penipeni.

M'mawa wa Lolembalo ndinapita kukabwereka sefa, ndinawapeza akuotha mbaula pakhonde. A Kaliati anali atangomaliza kupopa njinga.

"Anastazia, ndamva kuti makina anu agona chifukwa cha nkhunguyi. Za mng'ono wakoyu zinathekadi? Ngati pali chotsala, nena lero. Njinga iyi ndapopa. Ndimukweza mpaka ku boma, kumeneko magetsi alipo, akalembenso."

"Zonse zinatheka, bambo."

"Tandiyang'ana."

Anawayang'ana.

"Zinatheka."

Ndinaona milomo yake ikunjenjemera, ine nkumati ndi kuzizira. Kupusa kwanga! A Kaliati anabweza njinga m'nyumba, nkutenga khasu.

Pamenepo ndi pamene panafera nkhani yonse. Akanangoti, "Bambo, sizinatheke," Rozaria akanafika ku boma dzuwa lisanapendeke. Koma ankadziwa kuti akatsegula pakamwa pabwera funso lachiwiri, kenaka lachitatu, mpaka za ana a eni aja, za kope, za nsalu ya pazenera. Anasankha kuti dzina lake likhale loyera tsiku lina limodzi.

Masana anaimbira foni Fraser, akulira, nkumuwerengera manambala a pa kapepala kaja.

"Usadandaule, Ana. Kuno ku Limbe ndi mphindi zisanu. Ndipanga madzulo ano."

Lachiwiri foni ya Fraser inali yozima. Anaimba mpaka yake inatha moto.

Lachitatu dzuwa linatuluka bwinobwino, ngati palibe chachitika. Mabatire atagwira, Anastazia anazimitsa kokhotetsa kaja nkutsegula tsamba lenileni la bungwe. Panalembedwa kuti nthawi yolandira mafomu inatha dzulo. Kenaka, poopa kuti wina angaone tsamba lenilenilo nkuyamba mafunso, anayatsanso kokhotetsa kaja. Taonani mmene bodza limafunira kudyetsedwa tsiku ndi tsiku.

Miyezi itatu Rozaria anadikira. Lachisanu lililonse ankapita kutchalitchi.

"Achemwali, yankho labwera?"

"Silinabwere. Azungu amachedwa."

Amayi ake anamusokera diresi latsopano lapaulendo. Mu Ogasiti kunamveka kuti sukulu ina ya aphunzitsi ikutenga anthu, ndipo ine ndinamuuza kuti ayeseko. Anandiyankha akumwetulira, "Azakhali, ndikalowa kumeneko yankho langa likabwera nditani? Ndidikira." Anastazia anali pomwepo akupeta nandolo. Sanakweze mutu. Anali ataonda, akusanza m'mawa, ndipo njinga yamoto ija inali itasiya kubwera.

Mu Okutobala abusa analandira kalata ya bungwe lija. Inali yaulemu koma yowawa. Ankafunsa kuti, tinakupatsani makompyuta kuti ana a kwanuko apeze mwayi umenewu, nanga bwanji sitinalandire fomu ngakhale imodzi yochokera kwa inu?

Lamulungu, mapemphero atatha, abusa anaitanitsa makolo ndi ana onse amene analemba. Analipo makumi awiri ndi atatu. Tinadzaza m'kachipinda kaja, ena pazenera. Anaitananso a Howard, aphunzitsi a sayansi a ku sekondale, kuti aone chimene chinalakwika. A Howard anayang'anayang'ana, kenaka anazula kachipangizo ka intaneti kaja nkukaika m'manja mwa abusa.

"Abusa, gwirani. Tsopano kompyuta iyi ilibe intaneti, siingalankhule ndi aliyense kunja kwa chipinda chino. Taonani."

Anadina linki. Fomu inatseguka. Pa dzina analembapo dzina la galu wawo. Anadina potumizira. Mawu aja anatuluka.

"Akuti alandira fomu ya galu wanga," anatero a Howard.

Palibe anaseka. Kenaka anationetsa mizere iwiri ija, pansi penipeni pa mizere yotchinga zolaula, nkutifotokozera ntchito yake. Ngakhale ine, wosadziwa kompyuta, ndinamva.

Anastazia anagwada pasimenti. Ananena zonse, za Fraser, za kope, za mafilimu. Mayi wina wa ku Nkhulambe anakuwa.

"Mwana wanga anapalasa njinga maulendo atatu! Wachitatu anabwera akuvina, ine nkupha nkhuku! Ndinaphera chiyani nkhuku yanga, iwe?"

A Kaliati anaimirira pang'onopang'ono ngati nkhalamba.

"Mwanayu ndi wanga. Ndinamulangiza, koma sindinamuyang'anire. Abusa, ukulu wa mpingo ndautula lero. Sindingaime kutsogolo kwa anthu awa."

Rozaria sanalire. Anadutsa pakati pa anthu nkukaima pamaso pa mkulu wake. Analankhula motsitsa, koma tonse tinamva.

"Achemwali, za ena aja ndamva. Ndikufunsani chimodzi. Lolemba lija, bambo atapopa njinga, munkadziwa?"

Anastazia anayang'ana pansi.

"Ndinkadziwa."

"Chabwino."

Anatuluka. Diresi lapaulendo lija analipereka kwa mwana wa oyandikana nawo mlungu womwewo.

Abusa analemba kalata yopepesa nkupempha kuti anawo awaganizirenso. Yankho linabwera loti malo anadzaza kale ndipo ntchitoyo yatsekedwa. Makompyuta anasamutsidwira ku mpingo wina. Fraser sanaonekenso ku Chiringa, ndipo nambala yake inayamba kuyankhidwa ndi munthu wina. Anastazia anali ndi pakati pa Fraser yemweyo. Analapa pamaso pa mpingo, anakhala pachilango, ndipo patapita nthawi analandiridwanso. Ndikhulupirira kuti kulapako kunali koona, chifukwa anayenda pansi khomo ndi khomo, mpaka ku Nkhulambe, kukapepesa mabanja onse aja. Ena anamupatsa mpando. Ena anamusiya chiimire pabwalo.

Ana inu, mverani, chifukwa mawu andithera. Kutopa si tchimo. Ukatopa, nena kuti watopa. Tchimo linayamba pamene Anastazia analola kuti munthu aone mawu oti talandira pamene palibe chimene chalandiridwa. Wina akadzakuuzani kuti simukunama, mukungochedwetsa, muthaweni, ngakhale anunkhire bwanji. Anthu akakupatsani kiyi, amayenda njira imene mwawalozera osayang'ana kumbuyo, ndipo mukaikhotetsa simusankha amene adutsepo. Ndipo ngati mwalakwa kale, ululani lero, pamene wina angathe kukonza. Mulungu amakhululuka, inde, ndaona ndi maso anga. Koma pa 30 Juni sipanabwerenso.

Mu Malichi Anastazia anapita kuchipatala kukachira. Amayi ake anali chigonere ndi miyendo, ine ndinali ndi maliro kwa apongozi. Amene anapita kukamudikirira anali Rozaria. Palibe anamukakamiza. Anangomanga kamtolo ka nkhuni, ufa ndi beseni, nkunyamuka.

Ndinafika tsiku lachitatu, mwana atabadwa. Ndinamupeza Rozaria ataima pakhomo pa wodi, beseni la matewera ochapa lili m'chiuno. Mkatimo munali atsikana asukulu ya unamwino, amsinkhu wake, atavala zoyera, akuphunzira kuyeza khanda. Iye ankangoyang'ana, milomo ikuyenda, akuwerenga nawo manambala a pa sikelo. Mmodzi wa atsikanawo anatembenuka nkumuona.

"Amayi, odikirira odwala panja. Nthawi yoona odwala siinakwane."

"Pepani, anamwino," anatero Rozaria.

Anapinda maondo mwaulemu, anakweza beseni pamutu, nkupita kukayanika matewera a mwana wa mkulu wake.